Kumene amapanga vape ya mango anailetsa, nanga ife tikuilandira bwanji?

Asisi, tiyeni tikambirane za kachubu kaja kamene kayamba kupezeka m'zikwama zathu pambali pa foni ndi lip gloss. Pa bridal shower, kunyanja pa holide, ngakhale mu hostel usiku wowerengera mayeso, kamangoyenda dzanja ndi dzanja. Kamanunkhira mango, strawberry kapena chingamu, sikasiya fungo m'wigi kapena m'malaya, ndipo amayi akakaona patebulo amayesa ndi cholembera. Tikunena vape, imene ena amati ndudu yamagetsi.

Tineneretu, sitinabwere kudzachititsa munthu manyazi. Tsamba lino lakhala likukana kuti mtsikana aziweruzidwa chifukwa cha siketi yake, kumene amapita kapena chimene wagwira m'manja. Mwamuna akasuta pa bawo palibe amene amamutchula dzina, koma mkazi akangotulutsa utsi, tauni yonse yamudziwa khalidwe. Zimenezo timazikana lero ngati dzulo. Amene tikufuna kuwafunsa mafunso ndi ogulitsa, komanso amene ali ndi udindo wowaikira malamulo ndi msonkho.

Tiyambe kumene vape imachokera. Mu 2003 katswiri wina wa mankhwala ku China, Hon Lik, yemwe ankasuta kwambiri ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo, anapanga kachipangizo ka batire kosandutsa madzi okhala ndi nikotini kukhala nthunzi. Nikotini ndi chikonga chija cha mufodya, chimene chimachititsa kuti munthu akayamba kusuta alephere kusiya. Mpaka lero ma vape ambiri padziko lonse amatuluka m'mafakitale a mumzinda wa Shenzhen, kuphatikizapo mayina odziwika ngati Elf Bar ndi Lost Mary. Koma kuyambira pa 1 Okutobala 2022, boma la China linaletsa kugulitsa m'dzikomo vape ya fungo lililonse kupatula la fodya. Mwezi wotsatira linaikanso msonkho wa 36 peresenti kwa opanga ndi oitanitsa, ndi 11 peresenti kwa ogulitsa pikulitsa. Kutumiza kunja sanaletse. Ndiye kuti mtsikana wa ku Shenzhen sangagule mwalamulo vape ya mango imene azakhali ake amailongedza kufakitale, koma ife kuno tikhoza kuiitanitsa pa WhatsApp, wa kabaza n'kutibweretsera pageti.

Ku America ndi kumene dziko linaonera mmene malondawa amagwirira achinyamata. Kampani ya Juul inatulutsa vape yake mu 2015, yooneka ngati flash ya kompyuta. Inasakaniza nikotini ndi asidi wina kuti asamakande pakhosi, motero munthu amene sanasutepo ankatha kukoka nikotini wambiri osatsokomola. Zithunzi za achinyamata osangalala zinadzaza Instagram. Mu Disembala 2018 kampani ya Altria, imene imagulitsa Marlboro ku America, inapereka madola 12.8 biliyoni kugula 35 peresenti ya Juul. Pofika 2019, ophunzira 27.5 pa 100 alionse a sukulu za sekondale kumeneko ankagwiritsa ntchito vape. Kumapeto kwa chaka chomwecho boma linakweza zaka zogulira fodya ndi vape kufika pa 21, ndipo mu 2022 Juul inavomera kulipira madola 438.5 miliyoni ku zigawo zoposa 30 za dzikolo zimene zinafufuza mmene inkatsatsira malonda kwa ana. Ndalama zinalipidwa, koma ana amene anazolowera nikotini anatsala nacho chibaba chawo.

Mayiko sanagwirizane njira imodzi. Ena anangotseka chitseko: Brazil inaletsa kugulitsa vape mu 2009, India mu 2019, ndipo kuno ku Africa Uganda inatero kudzera m'lamulo lake la fodya la 2015. Ku Singapore ngakhale kungopezeka nayo ndi mlandu. Australia inasankha kuti vape izigulitsidwa ku famase kokha kuyambira Julaye 2024, ngati mankhwala othandiza osuta kusiya. Britain inapita kwina. Kumeneko boma limalimbikitsa akuluakulu osuta ndudu kuti asinthire ku vape, koma limaika malire: osagulitsa kwa osafika zaka 18, ndipo nikotini asapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi. Ngakhale ndi malire amenewo, ma vape ogwiritsa kamodzi n'kutaya anasefukira m'masukulu, mpaka pa 1 Juni 2025 anawaletsa. Belgium inali itayamba kale pa 1 Januwale 2025, France n'kutsatira mwezi wotsatira.

Taonani paketi imene muli nayo. Ngati yalembedwa 5%, ndiye kuti muli nikotini pafupifupi mamiligalamu 50 pa mililita, kuposa kawiri mlingo umene Britain ndi mayiko a European Union amalola. Ku London vape imeneyo akanailanda pashelefu.

Tsono fakitale sitseka chifukwa choti Belgium kapena Britain yakana katundu wake. Imayang'ana kumene chitseko chili chotsegula. Mu Disembala 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mayiko 34 amaletsa kugulitsa vape, mayiko 88 alibe zaka zoyambira kugula, ndipo 74 alibe lamulo lililonse pa nkhaniyi. Mu Okutobala 2025 bungwe lomwelo linati anthu oposa 100 miliyoni padziko akugwiritsa ntchito vape, ndipo osachepera 15 miliyoni mwa iwo ndi ana a zaka 13 mpaka 15. Msika ukukula, ndipo ukukulira kwa amene sanasutepo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhala ya amayi. Kuno kwathu, ngati m'mayiko ambiri a mu Africa, akazi osuta ndudu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amuna. Kwa dokotala imeneyo ndi nkhani yabwino. Kwa wogulitsa nikotini ndi munda umene sunalimidwe. Ndipo njira youlimira amaidziwa kalekale. Mu 1929 ku New York, katswiri wa zotsatsa malonda Edward Bernays, atalembedwa ntchito ndi kampani yopanga ndudu za Lucky Strike, anakonza zoti atsikana ayatse ndudu poyera pa perete wa Pasaka, n'kuuza atolankhani kuti nduduzo ndi miuni ya ufulu wa amayi. Mu 1968, pamene gulu lomenyera ufulu wa amayi linkakula ku America, Philip Morris inatulutsa Virginia Slims, ndudu zoonda zopangira akazi, ndi uthenga woti mkazi wamakono wafika patali. Anabwereka mawu a amayi anzathu amene ankamenyera malipiro ofanana ndi amuna, n'kuwamata pa paketi. Mu 1987, khansa ya m'mapapo inaposa khansa ya m'mawere pa kupha amayi ku America.

Lero sakufunikanso perete. Pali mtundu wa pinki, fungo la zipatso, ka influencer kotulutsa utsi pa TikTok, ndi manong'onong'o oti vape imachepetsa njala, ndiye sunenepa. Ku England kafukufuku wa m'masukulu wa NHS anapeza kuti atsikana a zaka 15 ogwiritsa ntchito vape anachoka pa 10 peresenti mu 2018 kufika pa 21 peresenti mu 2021. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ufulu umene umakudzutsa pakati pa usiku kufufuza kachubu pansi pa pilo, umene umadya ndalama ya upkeep mwezi usanafike pakati, tiuyang'ane kawiri.

Tisanamizanenso mbali inayo. Vape siotcha fodya, choncho ilibe phula ndi mpweya wina wapoizoni umene umatuluka mu ndudu. Kwa malume amene asuta kwa zaka 30, kusiyiratu ndudu n'kusinthira ku vape kumachepetsa chiopsezo, ndipo kafukufuku amene bungwe la Cochrane limasonkhanitsa amasonyeza kuti vape ya nikotini imathandiza anthu ena kusiya kusuta. Koma inu ndi ife ambiri sitikuchokera ku ndudu. Tikuchokera ku mapapo oyera. Ubongo wa munthu umakulabe mpaka zaka za m'ma 25, ndipo nikotini amausokoneza. Kwa mayi woyembekezera, nikotini amafika kwa mwana m'mimba. Chinthu chimene chingakhale chotulukira kwa malume chikhoza kukhala cholowera kwa mng'ono wathu wa Fomu 2.

N'chifukwa chake ife sitikupempha kuti vape ingoletsedwa basi. Kuletsa kopanda mphamvu yolondera kumangosamutsira malonda kuseri. Ku India ma vape akugulitsidwabe mobisa. Ku Australia malonda a fodya ndi vape ozembetsa akula mpaka magulu a zigawenga akhala akutentha mashopu ku Melbourne kuyambira 2023. Ndipo tikudziwa amene amagwidwa lamulo likakhala lolanga wogwiritsa ntchito: si mwini kontena, ndi mtsikana amene wapezeka nayo m'chikwama pa roadblock, amene kenako amauzidwa kuti akambirane kumbali.

Msonkho ndiye chida chimene sitikuchikamba mokwanira, pamene ife amayi timaudziwa mphamvu yake. Tinaona mu 2022 boma litachotsa msonkho pa mapadi, titalankhula kwa zaka zambiri. Msonkho umasonyeza chimene dziko likufuna kuti chitsike mtengo ndi chimene likufuna kuti chikwere. South Africa inayamba kudula R2.90 pa mililita iliyonse ya madzi a vape pa 1 Juni 2023, kaya muli nikotini kaya mulibe. Britain inakonza msonkho wa mapaundi 2.20 pa mamililita 10 alionse kuyambira pa 1 Okutobala 2026, pamodzi ndi kukweza wa fodya kuti ndudu zisakhale zotsika mtengo kuposa vape. Kudula pa mililita kuli ndi ubwino wake: woitanitsa akhoza kunama mtengo pa invoisi, koma sanganame kukula kwa botolo. Ndipo mtengo ukakwera, amene amayamba kubwerera m'mbuyo ndi mwana wa sukulu wodalira ndalama ya m'thumba. Malire ake ndi akuti msonkho ukakwera mopitirira, katundu amasiya kudutsa pa Mwanza ndi Songwe, amayamba kudutsa m'tchire.

Ife Amalawi nkhaniyi ikutikhudza mbali ziwiri. Fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno, ndipo amayi a ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Rumphi ndi amene amathyola, kusoka ndi kusankha masamba, pamene ndalama ya ku okushoni ku Kanengo kapena Chinkhoma nthawi zambiri imalowa mu akaunti ya bambo. Mayi wa kumudzi amagulitsa thukuta lake motchipa, mwana wake wa m'tauni n'kugula nikotini wodula wochokera kunja, ndi madola omwewo amene timasowa pogula mankhwala ndi mafuta. Vapeyo ikatha, batire yake ya lithium imakathera mu Mudi kapena mu Lingadzi. Ku Britain bungwe la Material Focus linapeza mu 2023 kuti ma vape pafupifupi 5 miliyoni ankatayidwa sabata iliyonse, ndipo kumeneko kuli magalimoto otola zinyalala. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya. Siginecha ilipo, tikufuna kuona ntchito zake.

Choncho kwa aphungu athu, makamaka aphungu aakazi, ku Unduna wa Zaumoyo, ku MRA ndi ku Malawi Bureau of Standards, tikupempha izi:

1. Lamulo lomveka loti vape isagulitsidwe kwa osafika zaka 18, m'shopu kapena pa intaneti, ndipo chilango chigwere wogulitsa osati mwana.
2. Malire a nikotini osapitirira mamiligalamu 20 pa mililita, ndi chenjezo lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa paketi.
3. Kuletsa ma vape ogwiritsa kamodzi n'kutaya, komanso fungo la maswiti ndi zipatso. Lamulolo lilembedwe mosamala, chifukwa ku Britain opanga anangowonjezera pochajira n'kubweretsanso katundu wofanana.
4. Kuletsa kutsatsa kudzera mwa ma influencer, m'mashow a oimba ndi m'mapwando a ophunzira.
5. Msonkho wa pa mililita, wokwera limodzi ndi wa ndudu, ndipo gawo lake lipite ku thandizo la ofuna kusiya nikotini m'zipatala zathu.

Kwa ife tokha, asisi, pali zochita zosadikira Nyumba ya Malamulo. Ngati muli ndi otsatira ambiri ndipo wina wakupatsani vape yaulere kuti muijambulitse, funsani kuti akufuna ifike kwa ndani, chifukwa pa otsatira anuwo pali ana a sukulu. Ngati mukuigwiritsa ntchito ndipo mwayesa kusiya koma mutu ukuwawa, tulo sitikubwera, mtima ukungopsa, si kufooka kwanu, ndi mmene nikotini amagwirira ntchito, ndipo masiku oyamba ndi amene amavuta kwambiri. Uzani mnzanu mmodzi amene sangakusekeni. Ngati mwaipeza m'chikwama cha mng'ono wanu, musayambe ndi mbama kapena kumuneneza kwa abambo. Khalani naye pansi, muwerenge limodzi zimene zalembedwa pa paketi, mumuuze kuti kumene anaipanga sailola.

Tiuzeni m'munsimu: kwanuko ikugulitsidwa pa mtengo wanji, ndipo alipo wogulitsa amene anakufunsanipo zaka?