Malume sakubwebweta ufiti, akudwala

Anzanga apamudzi pano ndi inu abale a m'tauni, zomwe ndinamva kuchigayo dzulo zandiwawa. Akuti malume ayamba kubwebweta, ufiti wawatembenukira. Ayi ndithu, tisatero.

Zinayamba kalekale ndi dzanja lamanja. Akakhala phee linkangonjenjemera, zala zikuchita ngati akutonola chimanga. Kenako anayamba kukhwekhwereza mapazi poyenda, nkhope yangoti gwa, osasekanso. Kuchipatala chachikulu anatiuza kuti ndi matenda a Parkinson. Akuti muubongo muli timaselo topanga dopamine, imene imathandiza thupi kuyenda bwino, ndiye timaseloto timafa pang'onopang'ono. Muhammad Ali wankhonya uja anadwala omwewa. Nayenso ankatamba?

Tsono zausikuzi ndi zimene zakusokonezani. Malume amati akuona tiana titakhala pamphasa, tosayankhula. Tsiku lina anakakamira kuti akazi awo awabera ndalama za fodya, akutinso akubisa mwamuna kuseri kwa nkhokwe. Gogo uja, pamsinkhu umenewo! Ife tinaseka, koma mayiwo analira usiku wonse, poti malume ankanena motsimikiza ngati agwira wakuba dzanja. Adokotala anati zimenezi zimachitika matendawa akakula, ndipo nthawi zina mankhwala omwewo a levodopa, ochepetsa kunjenjemera, ndi amene amawonjezera kuona zinthu zoti palibe. Anasintha kamwedwe kake, zachepako. Koma anatichenjeza kuti tisayerekeze kuwasiyitsa mankhwala mwadzidzidzi patokha.

Ine ndaona kuti kulimbana nawo sikuthandiza, amangopsa mtima. Ndimayatsa tochi n'kunena kuti, "Malume, ineyo sindikuwaona anawo, koma ndili pompano." Amakhazikika.

Chimene ndikuopa ndi pakamwa pathupa. Mwana akadzangomwalira pamudzi pano ndi malungo, wina adzakumbuka zoti nkhalamba ija imaona ana usiku, basi miyala ili m'manja. Timamva pawailesi okalamba akuphedwa chonchi. Mudziwenso kuti lamulo la 1911 lija likadalipo, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Munthu woti kapu ya tiyi ikumukanika kufikitsa pakamwa, angakwere lichero?

Amfumu ndawafotokozera kale. Inu a ku Lilongwe ndi ku Joni, mankhwala atsala a sabata imodzi, ndipo ya thiransipoti yobwererera kuchipatala ndilibe mpaka ndigulitse soya. Usiku uno ndikagonanso komweko kuti mayiwo apumeko.