KODI KATEMERA AONONGA ANA ATHU?

Abale, m'midzi mwathu mwamveka mau awiri amene alikubweza amai pa njira ya ku cipatala. Ena ati katemera aononga ana. Ena ati mphamvu yace ikutha msanga, tsono kutemera nkubvutika cabe. Ife titsutsa mau awiri onsewa, pakuti pa mlandu uwu pali moyo wa ana.

Mau oyambawo anawanda m'caka ca 1998, pamene dokotala wa ku England, dzina lace Andrew Wakefield, analemba kuti katemera wa cikuku asokoneza ubongo wa ana. Iye anayesa ana 12 okha. Atafufuza bwino anapezamo cinyengo. Ndipo m'caka ca 2010 The Lancet, imene inasindikiza mauwo, inawafafaniza, iyenso anamcotsa pa udokotala. Ku Denmark anatsata ana oposa 650,000, naonetsa m'caka ca 2019 kuti otemeredwa sagwidwa ndi bvutolo koposa osatemeredwa. Nanga ife timvere ana 12 a munthu wonyenga, kapena khamu lonse lija?

Sitibisa kuti katemera asautsa pang'ono. Thupi litentha, pobayapo patupa, mwana alira tsiku limodzi kapena awiri. Thupi kukana katemera moopsa kugwera ngati mmodzi mwa 1,000,000, ndipo a cipatala ali nao mankhwala ace. Koma linganizani ici ndi cikuku ca m'caka ca 2010, cimene cinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi muno, ndi kupha oposa 300.

Za mphamvu yace, tidziwe kuti akatemera safanana. Wa cikuku, mwana akalandira kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, acinjiriza ana ngati 97 mwa 100, ndipo mwa ambiri akhala moyo wao wonse. Wa kafumbata ndi wa cifuwa cokoka mtima afooka zaka zikamapita. Ndico cifukwa cace amai apakati alandiranso wa kafumbata. Apa otsutsa anena zoona, koma aweruza molakwa. Kodi munthu aleka kufolera nyumba cifukwa udzu uola? Iai, afoleranso mvula isanadze.

Enanso ati, Nthendazo sitizionanso, titemerenji? Sitiziona cifukwa ca katemera yemweyo. Nkhalamba zikumbukira nthomba ndi zipsera zace. Edward Jenner anayamba kuitemera m'caka ca 1796, ndipo m'caka ca 1980 analengeza kuti yatha pa dziko lonse. Koma zinazo sizinathe. M'caka ca 2022 anapeza mwana ku Lilongwe amene poliyo anampuwalitsa, patapita zaka 30 osaoneka kuno. Ndipo kacirombo kace kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Nthenda siopa kutalika kwa njira.

Wodwala cikuku mmodzi akhoza kupatsira anthu 12 kufikira 18 osacinjirizidwa. Tsono wokaniza mwana wace aika pangozi ndi khanda la mnansi wace, limene silinafike miyezi 9. Makolo anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Cifukwa cace tikupemphani, abambo, musaletse akazi anu. Amai, sungani makadi, nimuwerenge miyezi. Akulu a mpingo ndi mafumu, wofalitsa mbiri yoopsa mumfunse kuti anaimva kwa yani, anayesa ana angati. Akasowa coyankha, ife titenge ana athu, tinke nao ku sikelo.