Kucepa kwa magazi kumaonjezela ngozi ya imfa kwa odwala mtima

Munthu akafika ku cipatala atagwila pacifuwa, thukuta lili kamukamu, madotolo amathamangila kutsegula mtsempha umene watsekeka. Koma pali cinthu cina cimene cimathandiza kudziwa ngati wodwalayo adzatuluka wamoyo: kuculuka kwa magazi m'thupi mwake.

Nkhani yagona pa hemoglobin, imene imanyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Mtsempha ukatsekeka, mnofu wa mtima umayamba kufa cifukwa cosowa mpweyawo. Ngati magazi anali ocepa kale, ngakhale ocepa amene akudutsawo amafika opanda mphamvu, ndipo mtima wovulalawo umakakamizika kugunda mofulumila kuti thupi lonse lilandileko. Kuonjezela apo, mankhwala oletsa magazi kuundana, monga aspirin ndi heparin, angacititse wodwala kutaya magazi ena m'mimba.

M'caka ca 2005, kafukufuku wotsogoleledwa ndi Marc Sabatine wa ku America, wokhudza odwala pafupifupi 40,000, anaonetsa kuti pakati pa amene mtsempha unatsekekelatu, imfa zinali kukwela pamene hemoglobin inali kutsika pansi pa magalamu 14. Mu 2016, kafukufuku wina wa odwala oposa 400,000 ku England ndi Wales anapeza kuti oposa mmodzi mwa anai alionse anali ocepa magazi, ndipo iwowa anali kufa kwambili kuposa anzao.

Pa kusiyana kwa amuna ndi akazi m'pamene pafunika kusamala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwamuna ndi wocepa magazi akatsika pansi pa magalamu 13, pamene mkazi amene alibe pakati ndi pansi pa 12. Conco mwamuna wa 12.5 amalembedwa kuti ali ndi vuto, koma mkazi wa muyeso womwewo amauzidwa kuti ali bwino. Malile amenewa anaikidwa mu 1968 poyang'ana anthu wamba, osati amene mtima wao wavulala, ndipo dotolo wocenjela sangawatenge ngati citsimikizo cakuti mkaziyo ali pabwino. Akazi nthawi zambili amadwala matendawa atakalamba kuposa amuna, ndipo amataya magazi kawilikawili akapatsidwa mankhwala aja.

Kwa mwamuna, amene sapita kumwezi kapena kubeleka, kucepa magazi kumafuna kufufuzidwa: kungakhale cilonda ca m'mimba, matenda a impso, kapena khansa ya m'matumbo. Cimodzimodzinso kwa mai amene analeka kusamba.

Kodi yankho ndi kungoika magazi? Kafukufuku wa MINT wa mu 2023 anagawa odwala 3,504 m'magulu awili. Ena anaikidwa magazi akangotsika pansi pa 10, ena anadikila kufikila pa 7 kapena 8. Patapita masiku 30, amene anafa kapena kudwalanso anali 14.5 pa 100 alionse m'gulu loyamba, ndi 16.9 m'gulu lodikila. Kusiyanako sikunafike pamlingo wotsimikizika, komabe kunalozela ku mbali imodzi: kuumila magazi kwa wodwala mtima kungakhale koopsa.

Kuno ku Zambia nkhaniyi ili pakhomo. Kafukufuku wa za umoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti azimai 31 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ocepa magazi. Malungo, njoka za m'mimba, mimba zotsatizana ndi cakudya cosowa ayironi zimadya magazi mwakacetecete, ndipo kupuma mwabefu ndi kutopa kumene kumabwela nako kumafanana ndi zizindikilo za mtima, makamaka kwa akazi. Magazi amene bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limasonkhanitsa amacokela kwambili kwa ana a sukulu, motelo amacepa sukulu zikatsekedwa, ndipo botolo limodzi lomwelo limafunidwanso ndi mai wobeleka komanso wovulala pa ngozi ya pamseu.