Timibulu ta pa shawelo tili ndi mtengo wake

Mibulu ikapezeka mu nsima, wophika amachita manyazi. Koma ikakhala pa shawelo ya mwana kapena pa chipewa choluka pamanja, ndiyo imaimitsa wodutsa kuti afunse mtengo. Amayi ndi atsikana ambiri ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi ku Area 25 adziwa kalukidwe ka crochet kotulutsa timibulu, kamene m'makanema a pa YouTube amakatchula kuti cluster, bobble, puff kapena popcorn. Luso lilipo, koma masamu ndiwo akuvuta. Ambiri akugulitsa zoluka zamibulu pa mtengo wa zosalala, ndipo akudya mpamba osadziwa.

Tione mmene kambulu kamapangidwira. Poluka mosalala, sitichi iliyonse mumaimaliza payokha n'kupita kutsogolo. Pa bobble mumayamba masitichi asanu pabowo limodzi osawamaliza, kenako n'kuwatsekera pamodzi pamwamba. Pa popcorn mumamaliza onse asanu, n'kutulutsa singano, n'kulumikiza yoyamba ndi yomaliza. Pa puff mumakulunga ulusi pasingano n'kukoka kangapo pabowo lomwelo. Apa ndiye pali nkhani: pamalo pamene pakanalowa sitichi imodzi palowa ulusi wa masitichi angapo, koma shaweloyo sinakule m'lifupi. Ulusi wapita, nthawi yapita.

Ulusiwo si wotchipa. Wambiri umene timagula m'mashopu a ku Area 2 ndi mumsika waukulu wa Lilongwe umachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene akutchulabe mtengo wa shawelo potengera mutu, kapena potengera umene mnzake wa pa benchi yoyandikana watchula, akulukira ena ulere.

Musanalandire oda, yesani izi. Lukani tizidutswa tiwiri ta masentimita 10 mbali zonse, kena kosalala, kena kamibulu, ndipo muyang'ane wotchi pa kalikonse. Kenako masulani tonse n'kuyeza ulusiwo ndi tepi ya telala. Kusiyana kumene mupeze ndiko kuyenera kuonekera pa mtengo. Tiyerekeze kuti shawelo yosalala imadya mipukutu inayi ya magalamu 100 ndi masiku atatu, pamene yamibulu yadya mipukutu isanu ndi umodzi ndi masiku asanu. Mukawonjezera ndalama ya mipukutu iwiri yokha, masiku awiri aja mwagwira ganyu yopanda malipiro. Werengani ulusi, thiransipoti yopitira m'tauni, masiku anu, kenako phindu.

Ena ati: wogula wa ku Mgona kapena ku Area 23 ndalama zotero azitenga kuti, pomwe ku msika wa Tsoka shawelo ya kaunjika ndi yotsika mtengo? Funso ndi loona. Koma kupikisana ndi belo pa mtengo ndi mpikisano umene woluka sangapambane. Chimene belo ilibe ndi mtundu umene mayi wasankha, saizi ya mwana wake, kapena dzina la mwanayo lolembedwa ndi timibulu pakati pa bulangete. Gulitsani zimenezo.

Ndipo sikofunika kudzaza mibulu paliponse. Mizere iwiri kapena itatu m'mphepete mwa shawelo, kapena mzere umodzi kuzungulira chipewa, imakopa diso chimodzimodzi koma ulusi wake ndi wochepa. Khalani ndi mitengo itatu: yosalala, ya mibulu m'mphepete, ndi ya mibulu thupi lonse. Yachitatuyi muziluka pa oda pokha, wogula atapereka ndalama ya ulusi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Ngongole ya banki m'khonde siyenera kugona m'shawelo yodula yongodikira mwini pa benchi.

Mtengo wokwera umafunanso ntchito yooneka. Timibulu tikhale tofanana kukula, ndipo totsekedwa zolimba. Bobble imatukukira mbali yakutali ndi inu, choncho ilukeni muli kuseri kwa nsaluyo. Pa zovala za makanda pewani puff wotayirira, chifukwa tizala timakola mu ulusi wautaliwo. Gulani ulusi wokwanira ntchito yonse kamodzi, popeza mtundu womwewo umatha kusiyana pang'ono mukakagulanso tsiku lina. Muuzenso wogula kuti azichapa pamanja, kuyanika moyala pansi, ndipo asasite: ulusi wa acrylic umaphwa kapena kusungunuka ndi kutentha, timibulu tonse n'kugona.

Nthawi nayo ndi ndalama. Zipewa ndi mashawelo zimayenda mu Juni ndi Julayi kukazizira, choncho yambani kuluka mu Malichi kapena Epulo, osati chisanu chitafika kale. Kukatentha, timibulu tisamukire pa zikwama, madoyilo ndi zovundikira mapilo za ku bulaido shawa komanso mphatso za Tsiku la Anakubala pa 15 Okotobala.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Shawelo yokongola imene yabweza ndalama ya ulusi yokha ndi mkuyu wotero. Tengani tepi ndi wotchi sabata ino, muyeze, kenako mutchule mtengo wanu mopanda manyazi.