MUSANAMIZIDWE NDI MANAMBALA, MA BLACKS SANATHE

Abale anga, sabata yatha ndinali ku Lilongwe kukasaka masipeya a injini ya boti ku Biwi. Ndinagona kwa msuweni wanga ku Area 23. Usiku iye n'kundionetsa foni, amvekere: "Ase, Black Missionaries inatha. Taona pa YouTube, ana a dzanadzanawa awasiya kutali."

Ine ndinakana, mpaka pano ndikukanabe.

Manambala amenewo amawerenga anthu a bandulo basi. Nanga wakabaza wa ku Chinsapo amene amakadzazitsa memory card pa burning centre, Kuimba yense kuyambira woyamba, amamuwerenga ndani? Nanga minibasi za ku Kawale? Bambo anga kunyanja amasoka ukonde akumvera Matafale, nyimbozo ndinawaikira ndine pa Bluetooth. Palibe kompyuta inalembapo.

Komatu manyazi athu ali pomwepo. Chosawerengedwa sichilipiridwa. Kale bambo ankagula kaseti kwa O.G. Issa, woimba n'kuonako kangachepe. Lero timangotumizirana ulere, ine ndemwe. Evison Matafale anatisiya mu 2001, Musamude Fumulani mu 2007, koma Anjiru ndi anzake ku Chileka akuimbabe. Mafuta a galimoto ndi zingwe za gitala sagula ndi chikondi chathu.

Ine munthu akandikonzetsa injini n'kungoti "ndiwe dolo", kunyumba sitidya zimenezo.

Ndiye Ma Blacks akabwera ku Lilongwe kapena ku Salima, tiyeni tilipire pakhomo, osalumpha mpanda ayi. Kumeneko ndiye kuwerengedwa kwenikweni.

Tumizirani ena.