Ovechkin wamupitirira Gretzky pa zigoli, koma mpando sunasinthe mwini

Pa 6 Epulo 2025, pa bwalo la New York Islanders, Alexander Ovechkin wa Washington Capitals anamwetsa chigoli chake cha 895 mu ligi ya NHL. Apo anamupitirira Wayne Gretzky, amene anapachika ndodo mu 1999 ali ndi zigoli 894. Anali masewera a nambala 1,487 a Ovechkin, ndendende chiwerengero cha masewera onse amene Gretzky anasewera mu ligiyi. Kuyambira tsiku limenelo mkangano wa okonda hockey ya pa ayezi wabukanso: katswiri weniweni ndani?

Mbali yanga sindibisa. Pa kumwetsa zigoli, Ovechkin alibe mnzake. Koma tikamanena za masewera onse, Gretzky akadali patali.

Tiyambe ndi kumupatsa Ovechkin zake, chifukwa ambiri amamuchepetsa. Magoloboyi a m'zaka za m'ma 1980 ankakonda kuima chilili, atavala zotchinga zopyapyala, ndipo mu sizoni ya 1981-82 masewera amodzi ankatulutsa zigoli pafupifupi 8. Kenako goloboyi Patrick Roy anatchukitsa kachitidwe kogwa ndi mawondo, miyendo itatambasuka n'kutseka pansi ponse pa golo. New Jersey Devils inatenga chikho cha Stanley Cup mu 1995 potseka pakati pa bwalo, matimu ena n'kutengera, moti pofika 2003-04 zigoli zinatsika kufika pa zisanu ndi pang'ono. Ovechkin analowa mu 2005, n'kupeza magoloboyi ataliatali ophunzitsidwa bwino. Sizoni ya 2012-13 inafupikitsidwa ndi mkangano wa malipiro, zina ziwiri ndi mliri wa Covid-19. Komabe munthuyu anatsogola pa zigoli mu ligi kasanu ndi kanayi.

Ndipo onani mmene amamwetsera. Timu ina ikachepa chifukwa wosewera wawo wapatsidwa chilango, iye amakaima kumanzere, pamalo amodzimodzi, kudikira puck, kampira kaphwatalala kaja. Mphunzitsi wa timu ina amadziwa, otchinga kumbuyo amadziwa, goloboyi amadziwa. Kamalowabe. Zaka 20 anthu akusaka mankhwala ake, osawapeza.

Nanga ndikukaniranji kumuveka chisoti cha ufumu? Chifukwa kumunyamula wosewera n'kumuika m'nthawi ina n'kudzinamiza. Ovechkin ali ndi ndodo zamakono zopepuka zimene zimaponya mwamphamvu, komanso malamulo a 2005 amene anakhwimitsa chilango kwa okoka anzawo ndi ndodo. Gretzky anamwetsa zigoli 92 mu sizoni imodzi ndi ndodo ya mtengo. Aliyense anali ndi mwayi wake ndi zopinga zake. Muyeso umene ndimaukhulupirira ndi uwu: anawasiya patali bwanji amene ankasewera nawo pa ayezi yemweyo, ndi malamulo omwewo?

Magoloboyi osavuta aja sanali a Gretzky yekha. Mike Bossy ankakumana nawo, Mark Messier ankakumana nawo, Mario Lemieux naye. Mu hockey, chigoli ndi pointi imodzi, kupatsira mnzako amene wamwetsa ndi pointinso. Mu 1985-86 Gretzky anapeza mapointi 215, Lemieux amene anali wachiwiri anali ndi 141. Mwa 215 amenewo, 163 anali opatsira anzake. Ndiye kuti akanapanda kumwetsa ngakhale chimodzi, akanatsogolabe. Connor McDavid, amene ndimamuona kuti ndiye wothamanga ndi waluso kwambiri lero, anapeza 153 mu 2022-23, ndipo mnzake Leon Draisaitl anali pambuyo pake ndi 128.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mmene ankachitira zimenezi. Gretzky sanali chimphona, ndipo kugundana sinali ntchito yake. Ankakaima kuseri kwa golo ya adani, malo amene ambiri ankangodutsapo, n'kuliona bwalo lonse. Wotchinga kumbuyo akamutsata, mnzake Jari Kurri amatsala yekha kutsogolo kwa golo. Akapanda kumutsata, Gretzky amadikira mpaka mnzake wina Paul Coffey atulukire kuchokera kumbuyo. Goloboyi amakakamizika kucheukira kumsana, ndipo akamabweza mutu kanthu kalowa kale. Timu yake ya Edmonton Oilers inatenga zikho zinayi za Stanley Cup naye, ndipo matimu onse anaphunzira kuti kuseri kwa golo n'komwe masewera angayambire.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolimba. M'zaka za m'ma 1980 matimu anali 21, lero alipo 32, ndipo akatswiri a ku Soviet Union sankaloledwa kubwera mpaka 1989. Lero ligi yadzaza ndi aluso a ku Russia, Sweden, Finland ndi United States, choncho kuwasiya anzako patali n'kovuta kuposa kale. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake McDavid ndimamupatsa ulemu waukulu. Koma zimenezi sizikwanira kufotokoza kusiyana kwa mapointi 74 pakati pa woyamba ndi munthu ngati Lemieux.

Amene amandisowetsa mtendere pa chigamulo changa si Ovechkin ayi, koma Bobby Orr wa Boston Bruins, wotchinga kumbuyo yekhayo amene anatsogolapo pa mapointi mu ligi yonse, mu 1970 ndi 1975. Mawondo anamulanda masewera ali ndi zaka 30 zokha. Koma Gretzky anasewera zaka 20, n'kupatsira zigoli 1,963, pamene Jaromir Jagr, wachiwiri pa mapointi m'mbiri ya ligiyi, ali ndi 1,921 tikaphatikiza zonse, zomwetsa ndi zopatsira zomwe.