Ndere Zatsopano ndi Madzi a m'Makomboni a Lusaka

M'caka ca 2014, akatswiri a sayansi motsogozedwa ndi Jonathan Taylor analengeza kuti apeza m'madzi a dziko la Zambia mtundu wa ndere umene sunali kudziwika, ndipo anaucha Actinellopsis murphyi. Ndere zimenezi ndi za m'gulu la diatom. N'zazing'ono kwambiri moti zioneka pa makina okuzira zinthu cabe, ndipo ziri ndi cigoba conga galasi.

Phindu lace ndi lakuti ndere zotere ndi mboni za madzi. Mitundu ina ikhala m'madzi oyera okha, pamene ina icuruka pomwe pathiridwa zonyansa. Katswiri akakanda mwala wa mumtsinje, atha kudziwa mmene madziwo akhalira pa masabata apitawo. Koma sangatero bwino ngati mitundu ya kuno siinalembedwe, popeza miyeso yambiri inakonzedwa ku Ulaya.

Ku Kanyama ndi George, miyala ya pansi iri ndi ming'alu, motero zocokera m'zimbudzi zilowa msanga m'zitsime. Kolera ya mu 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko lino.

Ndere sizisonyeza kacirombo ka kolera, ndipo sizilowa m'malo mwa kupima madzi akumwa. Komabe zingaonetse pochipa ngati mitsinje ya Ngwerere ndi Chunga, yomwe ilandira madzi oipa a mzinda, ikuipiraipira. Mabungwe a ZEMA ndi WARMA ayenera kuiganizira njirayi.